Tilembe nafenso pulopozo ya wekishopu ku msonkhano wa AutoML

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anyamata ndi atsikana athu amene akuchita za makompyuta, kaya ali ku Blantyre, ku Zomba, ku Thyolo, ku Mzuzu, kaya ali kuno ku Harare ngati ineyo. Nkhani yanga ndi ya msonkhano wa anthu ofufuza za AutoML. Misonkhano ngati imeneyi isanachitike okonza ake amalengeza kuti amene akufuna kudzachititsa wekishopu (zokambirana za mutu umodzi) kapena tutorial (phunziro lalifupi) atumize pulopozo, nde ambiri a ife tikaona chilengezocho pa foni timangochidutsa, mwina kuchiponya mu gulupu ya WhatsApp basi zathera pomwepo, ngati kuti akuitana anthu ena osati ife. Ine ndikuti akuitana ifenso ndipo tili ndi nkhani yoti tikaiike patebulo.

Kwa owerenga amene sali m'zinthuzi ndifotokoze kaye pang'ono. Machine learning ndi pomwe kompyuta imaphunzira kuchokera ku deta, mwachitsanzo mwaipatsa mbiri ya mvula, feteleza ndi zokolola za zaka zambuyo, iyo nkumayesa kulosera zokolola za chaka chino. Koma pulogalamuyo isanayambe kuphunzira pamakhala zosankha zambirimbiri zimene munthu amayenera kupanga: ndigwiritse njira iti, deta ndiyikonze bwanji, mipata yopanda manambala ndiyidzaze ndi chani, modelo (pulogalamu yolosera imene ikuphunzitsidwayo) iphunzire mothamanga bwanji, ikhale yaikulu bwanji. Zosankha zimenezi ndi zimene zimadya nthawi, munthu umasintha kamodzi, kudikira, kuona zotsatira, kusinthanso, mpaka usiku. AutoML ndi kafukufuku wofuna kuti kompyuta izipanga yokha zosankhazo. Siinayambe dzulo, pulogalamu ya Auto-WEKA inatuluka mu 2013 ku University of British Columbia ku Canada, auto-sklearn mu 2015 ku Freiburg ku Germany m'gulu la a Frank Hutter, ndipo kwa zaka ndithu anthu amenewa ankakumana ngati wekishopu chabe mkati mwa msonkhano waukulu wa machine learning wotchedwa ICML. Msonkhano wawowawo woima paokha unayamba mu 2022 ku Baltimore, 2023 unali ku Potsdam, 2024 ku Paris, 2025 ku New York. Taonani bwino pamenepo, chinthu chimene lero chili msonkhano wathunthu chinakulira mu wekishopu. Taonaninso mayina a mizindayo, America ndi Ulaya basi.

Nchifukwa chani ndikulimbikira wekishopu osati kungotumiza pepala la kafukufuku? Pepala ndi labwino, tumizani ndithu. Koma pepala limayankha funso limene lilipo kale, lolandiridwa kale, ndipo olemba malipoti amaliyeza ndi miyeso imene anaizolowera. Amene wachititsa wekishopu ndi amene amasankha funsolo. Ndi iyeyo amalemba kuti tikufuna mapepala a nkhani yakutiyakuti, ndi iyeyo amaitana oyankhula, ndi iyeyo amakonza kuti zokambirana za masana zikhale pa mutu uti. Mwana wa PhD wa ku Freiburg kapena ku Toronto akaona kuti pali wekishopu ya AutoML pa makompyuta ofooka ndi deta yochepa amayamba kuganizira vuto limenelo, pomwe pakanapanda wekishopuyo sakanaliganizira nkomwe chifukwa kwawo magetsi sazima ndipo GPU, kachipangizo kamphamvu kophunzitsira modelo mwachangu, amangopempha ku dipatimenti.

Ndipo funso lathu lilipo, silochita kupeka. Mu 2016 anthu a Google Brain, a Barret Zoph ndi a Quoc Le, anaonetsa kuti kompyuta itha kudzipezera yokha kamangidwe ka neural network, mtundu wa modelo wotengera mmene ubongo umagwirira ntchito, koma anagwiritsa ntchito ma GPU 800. Eyiti handiredi abale. Pambuyo pake ena anabwera ndi njira zotchipa kwambiri monga DARTS mu 2018, komanso pali njira ngati Hyperband imene imayesa zosankha zambiri pang'onopang'ono nkumasiya msanga zimene zikuoneka kuti sizikupita patali, kuti nthawi isatayikire pa zinthu zolephera kale. Choncho nkhani yosunga mphamvu ya kompyuta anthuwa amaidziwa ndipo amaikonda. Chimene sakuchidziwa ndi mmene vutoli limaonekera kuno. Kuno ku Harare mu 2019 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ankabwera usiku anthu atagona nkupita m'mawa kusanache bwino. Kumudzi ku Malawi namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 aliyense akukumbukira mmene zinalili. Nde tangoganizani wayambitsa kusaka kwa maola khumi pa laputopu, pa ola lachinayi magetsi phethi, batire latha, zonse zimene kompyuta inapeza zapita. Funso la kafukufuku lenileni ndi ili: tingapange bwanji AutoML yoti itha kudulidwa nthawi iliyonse nkudzapitiriza pomwe inalekera, yoti nthawi iliyonse imene mwaiimitsa ikupatsani yankho labwino limene yapeza kufika pamenepo, yoti mutha kuiuza kuti ndili ndi maola atatu okha a batire ndipo memory yanga ndi 8GB konza dongosolo lako molingana ndi zimenezo? Zidutswa za yankho zilipo m'mapulogalamu ena, koma ife ndi amene tingayese zinthuzi m'malo enieni nkunena kuti apa zagwira apa zakanika.

Funso lachiwiri ndi la deta yochepa, ndipo pamenepa ndichedwepo chifukwa ndi pomwe ndimaona anthu akupwetekeka. Malawi ili ndi maboma 28. Mukatenga zokolola za chimanga za boma lililonse kwa zaka 20 mupeza mizere 560 yokha, ndiye kuti zonse zinalembedwa bwino popanda chaka chosowa, zimene sizichitika kawirikawiri. Mizere 560 mukaiponya mu AutoML idzakupatsani modelo yokongola ndi nambala yokoma kwambiri ya accuracy, yonena kuti ikulosera molondola bwanji, mwana wasukulu nkusangalala kukaika mu dizeteshoni. Koma pulogalamuyo mukaisiya kuti igawe yokha deta mwachisawawa, imatenga Dedza wa chaka china kuphunzirira nkutenga Ntcheu wa chaka chomwecho kuyesera, pomwe maboma awiriwa ndi oyandikana ndipo chaka cha chilala chimawagwira pamodzi, ndiye modeloyo sikuti yaphunzira kulosera ayi, yangoonera yankho kwa neba. Chaka chatsopano chikafika, chimene sinachionepo, imagwa. Kugawa koyenera ndi kwa zaka, phunzira pa zaka zakale yesa pa zaka zapatsogolo. Komanso AutoML ikayesa zosankha masauzande pa kadeta kakang'ono, imodzi mwa zosankhazo idzaoneka yabwino mwamwayi chabe, ndipo imeneyo ndi imene pulogalamu idzakubweretserani ngati wopambana. Izi anthu a kafukufuku amazidziwa m'mabuku, koma zitsanzo zimene amayesera zambiri ndi deta yokonzedwa bwino kale yapa OpenML, nkhokwe ya deta ya pa intaneti, osati kaundula wa kuchipatala cha kumudzi amene analembedwa pamanja nkudzalowetsedwa mu Excel patapita miyezi, dzina la mudzi umodzi litalembedwa mitundu inayi. Nanga chaka ngati cha Freddy mu 2023, kapena Idai mu 2019 amene anasesa Chimanimani kuno ndi kumwera kwa Malawi, modelo ichite nacho bwanji chaka chosafanana ndi china chilichonse m'mbiri yake? Mu January 2025 magazini ya Nature inasindikiza za modelo yotchedwa TabPFN, yochokeranso ku Freiburg, yopangidwira matebulo ang'onoang'ono ofika mizere 10,000. Imeneyo ndi saizi ya deta yathu ndendende. Ndani akuiyesa pa deta ya ulimi ya ku Lilongwe kapena ya ku Mashonaland nkukanena pamaso pa amene anaipanga kuti yachita bwanji? Ntchito imeneyo ndi ya wekishopu.

Tsono tisasokoneze ziwirizi, tutorial ndi wekishopu, chifukwa pulopozo zambiri zimafera pamenepa. Tutorial ndi kuphunzitsa. Mumatenga nkhani imene yakhazikika kale, munthu mmodzi kapena awiri atatu nkuiphunzitsa mwadongosolo kwa ola limodzi ndi theka kapena maola angapo malinga ndi mmene okonza anenera, omvera atuluke akudziwa kuchita chinthu chimene samachidziwa polowa. Komiti imafuna kuona kuti mwaphunzitsapo, ma slide alipo, notebook (fayilo ya zitsanzo za pulogalamu) yoti anthu ayendetse okha ilipo, ndipo simukungotsatsa pulogalamu yanu kapena pepala lanu lokha. Wekishopu ndi ya nkhani imene sinapse, anthu akadatsutsana, imatenga theka la tsiku kapena tsiku lonse, muli oyankhula oitanidwa, mapepala afupiafupi, maposita ndi nthawi yokambirana. Kwa ife maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi wekishopu. Pa tutorial tikapikisana ndi anthu amene analemba okha mapulogalamuwo ndipo komiti idzasankha iwowo, sindingaidandaule. Koma pa wekishopu ya magetsi oduka ndi deta yochepa yosokonekera palibe amene angatipose kudziwa vutolo.

Pulopozo yakeyo si chinthu choopsa, nthawi zambiri ndi masamba ochepa. Chimene ndaona pa ntchito yanga yophunzitsa ndi chakuti ana athu akamalemba zinthu zotere amathera tsamba lonse loyamba kufotokoza kuti Africa ndi yosauka, AI isintha dziko, achinyamata ndi ambiri. Musatero chonde. Owerenga pulopozo ndi anthu otanganidwa ndipo mawu amenewo awamva kambirimbiri, komanso amatiika pa malo opempha chifundo pomwe tabwera ndi funso la sayansi. Chiganizo choyamba chinene funsolo. Chachiwiri chinene chifukwa chake msonkhano waukulu pawokha sukuliyankha. Kenako muonetse tsikulo mmene lidzayendere ola ndi ola, ndipo musadzaze ndi zoyankhula zokhazokha, siyani mpata weniweni woti anthu atsutsane, apo ayi imeneyo si wekishopu ndi mzere wa maulaliki. Oyankhula oitanidwa muwalembere kalata musanatumize pulopozo, ndipo mulembe moona kuti uyu wavomera uyu sanayankhe, osaika mayina akuluakulu a anthu amene simunawafunse nkomwe chifukwa dziko la kafukufuku ndi laling'ono, wa mu komiti atha kukhala mnzake wa munthuyo nkumufunsa pa tiyi. Munenenso amene adzawerenge mapepala otumizidwa, masiku otsekera, ndi anthu angati amene mukuyembekeza. Malamulo enieni, kutalika kwa pulopozo ndi dedilaini zimasintha chaka ndi chaka nde muwerenge chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere osadalira za chaka chatha.

Ndikudziwa chimene ena anene, kuti ife ndife ndani, komiti ikufuna anthu amene anachititsapo zotere. Ndi zoona amayang'ana zimenezo. Koma mutu umodzi susenza denga, okonza wekishopu amakhala gulu, ndipo makomiti ambiri masiku ano amafuna gulu losakanikirana, amayi ndi abambo, akuluakulu ndi ongoyamba, ochokera m'mayunivesite osiyana. Anthu oti tigwirane nawo manja alipo. Deep Learning Indaba, msonkhano wa anthu a machine learning a mu Africa, inayamba mu 2017 ku Wits ku Johannesburg, yapita ku Stellenbosch, Nairobi, Tunis, Accra, Dakar, ndipo mu 2025 inali ku Kigali, ndipo timisonkhano take ta IndabaX tachitikapo ku Malawi ndi kuno ku Zimbabwe. Amene anakonzapo IndabaX ali kale ndi mbiri yoti alembe mu pulopozo, asaione ngati kanthu kakang'ono. A Masakhane, gulu lofufuza za makompyuta ndi zilankhulo zathu, akhala akuchititsa ma wekishopu a zilankhulo za mu Africa ku misonkhano ikuluikulu ndipo amadziwa njira yake. Zindi, papulatifomu ya pa intaneti ya mipikisano ya deta, inachititsapo mpikisano wogawa nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa m'magulu, kutanthauza kuti deta ya chilankhulo chathu yoyesera ilipo ndithu, ndipo papulatifomu ngati imeneyo mutha kukonza kampikisano kakang'ono ka wekishopu yanu kokhala ndi lamulo loti aliyense agwiritse laputopu wamba kwa nthawi yoikika, tione AutoML iti ipirire. Ku yunivesite ya MUBAS kuli Kuyesera AI Lab, ku yunivesite ya MUST kuli ana akhama, kuno kuli Harare Institute of Technology ku Belvedere ndi University of Zimbabwe ku Mount Pleasant komwenso kuli likulu la dziko la makompyuta amphamvu. Onjezanipo mmodzi kapena awiri ochokera m'magulu a AutoML enieniwo, alembereni imelo yaifupi yaulemu yonena funso lanu, ena sayankha koma ena amayankha chifukwa nawonso akusaka mavuto atsopano.

Pali nkhani ya viza ndi ndalama, imeneyi sindingaibise. Mu 2018 ku Montréal ndi 2019 ku Vancouver anthu ambiri a ku Africa amene ankapita ku wekishopu ya Black in AI ku msonkhano waukulu wa NeurIPS anakanizidwa viza, nkhaniyo inamveka dziko lonse, ndipo vuto la vizali ndi china mwa zimene zinakankha kuti ICLR, msonkhano winanso waukulu wa machine learning, ibwere ku Africa, inayenera kukhala ku Addis Ababa mu 2020 Covid nkusokoneza, kenako inachitikadi ku Kigali mu 2023. Kumbali ya ndalama, kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo kupeza madola olipirira rejisitireshoni ndi tikiti ku Malawi ndi nkhondo payokha. Ifeyo kuno dola ya America timaigwira m'manja tsiku ndi tsiku pambali pa ndalama yathu ya ZiG koma malipiro a mphunzitsi sangagule tikiti ya ku New York. Nde zimenezi zilowe mu pulopozo momwemo poyera. Lembani kuti mwa okonza asanu awiri ali kale ku Ulaya kapena ku America ndipo adzakhalapo ndithu ngakhale ena atakanizidwa viza. Funsani ngati oyankhula ena angayankhule pa intaneti, ndipo zoyankhula zawo zijambulidwe pasadakhale kuopa netiweki. Funsani ngati pali thandizo la ulendo kapena kuchotsera fizi. Komiti imakhulupirira kwambiri munthu amene waliona vuto nkulikonzera njira kusiyana ndi amene walibisa nkudzalephera kubwera sabata yomaliza.

Ena andiuzapo kuti bwanji tisangopanga zathu konkuno nkuwasiya azungu ndi misonkhano yawo. Zathu tipange, ndipotu ndikufuna tiyambire pamenepo, koma mapulogalamu amene ana athu akutsitsa pa intaneti nkumagwiritsa ntchito ku mabanki, ku ma NGO ndi ku zipatala akupangidwa ndi anthu amene amakumana ku misonkhano imeneyo. Zosankha zimene pulogalamu imayambira mukangoitsegula osasintha kanthu, zinaikidwa ndi munthu amene anaganizira deta ya mtundu wina ndi kompyuta ya mtundu wina. Ndipo AutoML cholinga chake ndi choti munthu wosakhala katswiri athe kupanga modelo, kutanthauza kuti amene adzaigwiritse ntchito kwambiri kuno ndi amene sangazindikire ikalakwitsa. Ofisala wa zaulimi pa boma sadzafunsa kuti deta inagawidwa bwanji, adzangoona 94 peresenti pa sikirini nkukhulupirira, nkukalangiza alimi. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa nkhani yoti AI itilanda ntchito.

Ife a Chichewa a kuno tili ndi mwayi wina umene sitiuwerengera. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, ambiri nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi kumbuyo kwake, tinakulira ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Dzivaresekwa, timayankhula Chishona pamsewu Chichewa kunyumba ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mwana wa ku Mufakose amene akuphunzira makompyuta atha kugwira deta ya mayiko awiri, zilankhulo ziwiri, nyengo zofanana koma kalembedwe ka maofesi kosiyana. Funso loti modelo imene AutoML yasankha pa deta ya ku Zimbabwe ingagwirenso ku Malawi kapena iyenera kusakidwanso kuyambira pachiyambi ndi funso limene anthu a meta-learning, ofufuza mmene zimene kompyuta yaphunzira pa deta ina zingathandizire pa deta yatsopano, amalikonda kwambiri, ndipo ife tili pakati penipeni pa mayiko awiriwo.

Pempho langa ndi ili. Tisadikire chilengezo kuti tiyambe, chifukwa chikatuluka nthawi imakhala yochepa ndipo oyankhula abwino amakhala atatengedwa. Tiyambe panopa ndi kutolera zitsanzo zenizeni, aliyense amene anayesapo mapulogalamu ngati auto-sklearn, AutoGluon, H2O, Optuna kapena TabPFN pa deta ya kuno alembe tsamba limodzi lonena kompyuta imene anagwiritsa, mizere ingati, nthawi imene zinatenga, ndi pomwe zinamukanika. Deta ya odwala kapena ya makasitomala musaitumize kwa aliyense popanda chilolezo, tsambalo lingonena zotsatira. Tikakhala ndi masamba oterowo okwana ndithu tichite wekishopu yoyeserera ya tsiku limodzi pa IndabaX ikubwerayi, kaya ku Harare kaya ku Blantyre, basi yodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ilipo ndipo amene sangakwere alowa pa intaneti. Tijambule, tilembe amene anabwera ndi zimene anatsutsana, zimenezo ndi zimene tidzaike mu pulopozo pa gawo lofunsa ngati wekishopuyi inachitikapo kale. Akuluakulu a mayunivesite athu nawonso atithandize, mphunzitsi amene wakonza wekishopu ya msonkhano wapadziko lonse ntchito imeneyo iziwerengedwa pokwezedwa ngati mmene amawerengera pepala, ndipo kalata yomuthandiza ku viza isamatenge mwezi ili pa desiki.

Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti zilengezo zoterezi zikatuluka muziziikako pa tsamba lanu la zamaphunziro m'Chichewa, ngakhale ndime ziwiri zokha zonena kuti akufuna chani ndipo atseka liti, chifukwa makolo ndi aphunzitsi a sekondale amene amawerenga inu ndi amene amakankha ana. Adilesi yanga ndaisiya ku ofesi yanu, amene akufuna kuti tilembe limodzi pulopozoyi mutha kuwapatsa, makamaka amayi amene ali m'ntchitoyi ndi amene akugwira deta ya zaulimi ndi zaumoyo m'maboma.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa makompyuta,
Mufakose, Harare